Chikopa cha Mkango ndi Amisiri Osatchulidwa a Mzinda wa Toronto

Mzinda wa Toronto, umene uli m'mphepete mwa nyanja ya Ontario m'dziko la Canada, uli ndi zomanga ziwiri zikuluzikulu zimene mbiri yake imalongosola mutu wa nthano yaitali yotchuka kwambiri yonena za mzindawo. Choyamba ndi mlatho wa Prince Edward Viaduct, umene anthu ambiri amangoutcha mlatho wa msewu wa Bloor, ndipo chachiwiri ndi malo oyeretsera madzi a R. C. Harris, amene ali kum'mawa kwa mzindawo, pomwe msewu wa Queen Street East ukumana ndi wa Victoria Park. Nthano yaitaliyo, kutanthauza nkhani yopeka yodzaza buku lathunthu, ndi In the Skin of a Lion, imene Michael Ondaatje analemba ndipo kampani ya McClelland and Stewart inasindikiza m'chaka cha 1987. Mutuwo ukunena za munthu wovala chikopa cha mkango, pomwe m'bukumo mulibe mlenje wa mikango, ndiponso nyamayi sipezeka m'nkhalango za Canada. Kuti kuyenera kwa mutu wotere kuoneke, pafunika kudziwa momwe mlatho ndi malo oyeretsera madzi aja anamangidwira, amene anagwira ntchitoyo, ndi amene mayina awo analembedwa ntchito itatha.

M'chaka cha 1901 Toronto inali ndi anthu pafupifupi 208,000, koma pofika 1921 chiwerengerocho chinali chitapitirira 520,000, ndipo kukula kwachangu koteroko kunabweretsa mavuto awiri amene akuluakulu a mzinda sakanatha kuwalambalala. Vuto loyamba linali chigwa chakuya cha mtsinje wa Don, chimene chinkalekanitsa pakati pa mzinda ndi madera atsopano a kum'mawa, cha ku msewu wa Danforth. Ovota anakana kangapo ganizo lomanga mlatho pachigwacho asanavomere mu 1913, ndipo ntchito inayamba mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, mpaka chigawo chodutsa pamwamba pa Don chinatsegulidwa pa 18 Okutobala 1918. Mlathowu ndi wautali mamita 494, unakwezeka pafupifupi mamita 40 kuchokera pansi pa chigwa, ndipo maonekedwe ake anakonza ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba Edmund Burke. Mkulu woyang'anira ntchito za zomangamanga mumzindawo, Roland Caldwell Harris, amene anakhala paudindowo kuyambira 1912 mpaka pomwe anamwalira mu 1945, anaumirira kuti pansi pa msewu wa pamlathowo pakhale nsanja yachiwiri yodutsapo sitima, ngakhale kuti panthawiyo Toronto inalibe sitima zoyenda pansi pa nthaka. Nsanjayo inakhala yopanda ntchito zaka 48, kufikira 1966 pamene njanji ya Bloor ndi Danforth inatsegulidwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Harris amatamandidwira kuti anali munthu woona patali. Mlathowo unatchedwa dzina la mwana wa mfumu ya Britain, Edward, amene anacheza ku Canada mu 1919 ntchito yaikulu itatha kale.

Vuto lachiwiri linali madzi akumwa. Mzindawo unkatunga madzi m'nyanja yomweyo imene unkatayiramo zonyansa, kotero kuti matenda a taifodi ankapha anthu chaka ndi chaka, ndipo ngakhale kuthira mankhwala a kolorini kunayamba mu 1910, Harris ankafuna malo atsopano otungira madzi patali ndi gombe, kudzera m'ngalande zokumbidwa pansi pa nyanja. Nyumba za malowo zinayamba kumangidwa mu 1932, m'zaka zomwe chuma cha dziko lonse chinali chitalowa pansi ndipo anthu ambirimbiri anali pa ulova, ndipo zinayamba kugwira ntchito mu 1941. Mkati mwake munakongoletsedwa ndi miyala ya mabo ndi mkuwa, mpaka anthu anazipatsa dzina lofanizira nyumba yachifumu, ndipo Harris atamwalira malowo anatchedwa dzina lake.

Ntchito yolemetsa ya mumzindawo m'zaka zimenezo, monga kukumba, kunyamula zitsulo, kupha ng'ombe ndi kufufuta zikopa, inkagwiridwa kwambiri ndi anthu obwera kuchokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya: Amakedoniya, Abugariya, Agiriki, Ataliyana, Apolishi ndi ena. Amakedoniya ambiri anafika zitalephereka zoukira ulamuliro wa Ottoman mu 1903, ndipo pofika 1910 anali atakhazikitsa mpingo wawo wa Oyera Cyril ndi Methody mumzindawo. Toronto ya nthawiyo inali mzinda wonyadira Chingelezi ndi Chiprotestanti, womwe ndale zake zinali m'manja mwa mamembala a gulu la Orange Order, ndipo mlendo wosalankhula Chingelezi ankafunika manja ake okha. Mu 1929, mkulu wa apolisi Dennis Draper ali paudindo, kunaletsedwa kulankhula pamisonkhano ya anthu ambiri m'chilankhulo china chilichonse kupatula Chingelezi, poopa kuti Achikomyunizimu angakope antchito m'zilankhulo zimene apolisi sankazimva. Munthu wotereyu ankatha kumanga mlatho, koma analibe chilolezo chofotokoza pagulu, m'chinenero cha amayi ake, za malipiro ndi ngozi za ntchitoyo.

Ondaatje nayenso ndi munthu wobwera, popeza anabadwira ku Colombo m'dziko la Ceylon, limene tsopano ndi Sri Lanka, mu 1943, anapita ku England ali mnyamata, nafika ku Canada mu 1962, ndipo anadzakhala mphunzitsi pa Glendon College ya yunivesite ya York ku Toronto. Pofufuza m'nkhokwe za zolemba zakale za mzindawo anapeza kuti zipangizo zomangira mlatho zinalembedwa mwatsatanetsatane pomwe anthu amene anazigwiritsa ntchito sanatchulidwe, ndipo kudabwa komweku anakuika mwa mpangankhani wake wamkulu, Patrick Lewis, amene amapita ku laibulale ya Riverdale n'kupeza zonse zokhudza dothi, matabwa ndi kulemera kwa konkire, koma osapeza za omanga. Zomwe zinathandiza mlembiyu ndi zithunzi za Arthur Goss, amene anali wojambula wa boma la mzinda kuyambira 1911 mpaka 1940, komanso kafukufuku wa Lillian Petroff wokhudza Amakedoniya a ku Toronto, wochokera pa zomwe okalamba anafotokoza pakamwa. Wowerenga wa ku Malawi sangaone chachilendo pa zimenezi, chifukwa m'zaka zomwezo, pakati pa 1930 ndi 1935, mlatho wa Dona Ana wautali pafupifupi makilomita 3.7 unkamangidwa pa mtsinje wa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara kuti njanji ya Nyasaland ifike ku Beira. Dzina la kampani ya ku Britain imene inamanga, Cleveland Bridge and Engineering, likudziwika bwino, ngongole imene dziko la Nyasaland linasenza ikudziwikanso, koma anthu akuda amene anagwira ntchito m'madzi ndi m'matope amatchulidwa ngati gulu chabe.

Mutu wa bukuli unachokera mu ndakatulo yaitali ya Gilgamesh, imodzi mwa nkhani zolembedwa zakale kwambiri padziko lapansi, imene inasungidwa pa mapale a dongo m'dziko la Mesopotamia, komwe lero kuli Iraq. Mapale ambiri anafukulidwa m'mabwinja a Nineveh cha m'ma 1850, m'nyumba yosungira mabuku ya mfumu Ashurbanipal, ndipo George Smith wa ku British Museum anadzidzimutsa anthu mu 1872 pamene anawerengapo nkhani ya chigumula yofanana ndi ya Nowa. Gilgamesh anali mfumu ya mzinda wa Uruk, yotamandidwa chifukwa cha linga lalikulu la njerwa limene inamangitsa, koma yodandaulitsa anthu ake, mpaka milungu inalenga Enkidu, munthu wa kutchire, kuti athane nayo. Awiriwa atalimbana anasanduka mabwenzi apamtima, ndipo Enkidu atamwalira, Gilgamesh analumbira kuti adzasiya tsitsi lake losasamalidwa, adzavula zachifumu, nadzayendayenda m'chipululu atavala chikopa cha mkango. Ondaatje anaika chiganizo chimenechi kumayambiriro kwa buku lake monga mawu otsogolera, kuchokera mu Chingelezi cha N. K. Sandars cha mu 1960. Mu nkhani yoyambirirayo, tsono, chikopacho ndi chovala cha maliro, chofanana ntchito yake ndi ziguduli za m'Baibulo, ndipo amene amayembekezera kupezamo chizindikiro cha ukali, monga momwe dzina la Mkango linkagwirira ntchito pa Kamuzu Banda, amasochera pa chiyambi penipeni.

Tanthauzo la maliro limeneli limayenda bwino ndi moyo wa Patrick Lewis. Iye ndi mwana wa munthu wophulitsa zipika ndi miyala kumudzi, kum'mawa kwa chigawo cha Ontario, amene amafika ku Toronto mu 1923 nalowa m'gulu la ofunafuna Ambrose Small, mponda matiki weniweni wa nyumba za zisudzo amene anasowa pa 2 Disembala 1919 atangogulitsa nyumba zakezo, ndipo sanapezekenso. Pambuyo pake Patrick amakumba ngalande ya pansi pa nyanja, amagwira ntchito pamalo ofufutira zikopa, nakondana ndi Alice Gull, mkazi wa zisudzo ndi womenyera ufulu wa antchito. Alice atafa ndi bomba limene ananyamula mosadziwa, Patrick amatentha hotelo ya anthu olemera ku Muskoka, amakhala m'ndende, ndipo potuluka mu 1938 amasambira m'ngalande imene anakumba yekha, atanyamula zophulitsira, kuti akagwetse nyumba ya Harris. Uku ndiye kuyendayenda kwa wofedwa, ndipo mlembi sanabise kufananako, popeza Harris mwini amakumbukira ndime ya mikango ya mu Gilgamesh pamene Patrick, atatopa ndi kuvulala, wagona tulo pamaso pake osaphulitsa kanthu.

Komabe chimene chimapatsa mutuwu mphamvu yoposa ndi chakuti chikopacho chasintha mwini. Ndakatulo ya Gilgamesh imayamba ndi kutha ndi kutamanda linga la Uruk, ndipo linga lonselo limawerengedwa ngati ntchito ya mfumu, oumba njerwa ndi ozinyamula osatchulidwa ngakhale mmodzi. Ku Toronto munthu wofanana ndi womangitsa lingayo ndi Harris, wolota zazikulu ndi wokonda mzinda wake moona, koma wosadziwa mayina a amene ankafera m'maloto akewo. M'bukumo, Patrick atamufunsa kuchuluka kwa amene anafa pokumba ngalande, yankho lake ndi lakuti palibe kaundula amene anasungidwa. Ondaatje anagawa Gilgamesh pawiri: linga analisiya kwa Harris, koma chikopa, ndiye kuti chisoni pamodzi ndi udindo wokhala mwini nkhani, anachipereka kwa wokumba. Nkhani yakale kwambiri ya mfumu yomanga mzinda yagwiritsidwa ntchito kufunsa funso limene nkhaniyo sinafunse, ndipo kusankha kumeneku n'kwanzeru chifukwa kukusonyeza kuti mwambo woiwala omanga ndi wakale ngati kulemba kumene.

Pali ndime ina m'bukumo imene imamasulira mutuwu kuchokera mkati. Alice amafotokoza za sewero limene akazi angapo amagawana udindo wa mpangankhani wamkulu mwa kupatsirana chovala cha zikopa za nyama, kotero kuti aliyense amene wachivala, ngakhale anali wachete kumbuyo, amapeza mawu natenga udindo wa nkhaniyo pa nthawi yake. Achewa amadziwa kanthu kena kofananako mu Gule Wamkulu, pomwe chilombo chikalowa m'bwalo chimatha kudzudzula khalidwe limene munthu wamba sangayerekeze kulitchula pamaso pa akuluakulu, chifukwa mphamvu yolankhulayo ili mwa chilombocho. Kusiyana kwake n'kofunika, popeza m'gule nkhani ya amene ali mkati sikambidwa konse, pomwe mwa Ondaatje kuvala chikopa ndi njira yoti munthu wosadziwika adziwike. Buku lonse linamangidwa motsatira sewero la Alice lija: Patrick amazimiririka kwa masamba ambiri, nkhani n'kukhala ya Nicholas Temelcoff, Mmakedoniya wolendewera pa chingwe pansi pa mlatho amene amawakha sisitere wokankhidwa ndi mphepo usiku, kenaka ya Cato, wolimbikitsa mabungwe a antchito odula mitengo, kenakanso ya Caravaggio, mbala ya Chitaliyana. Imfa ya Cato ikukumbutsa za Viljo Rosvall ndi Janne Voutilainen, amuna awiri ochokera ku Finland amene anasowa kumpoto kwa Port Arthur mu Novembala 1929 ali pa ulendo wokopa antchito, ndipo mitembo yawo itapezeka chaka chotsatira boma linati anamira, pomwe anzawo anakhulupirira kuti anaphedwa. Mawu achiwiri otsogolera bukuli, ochokera kwa John Berger, amatsutsa mchitidwe wofotokoza nkhani imodzi ngati kuti ndi yokhayo imene ilipo, ndipo amagwirizana ndi kupatsirana chikopaku.

Khungu ndi chikopa zimabwerezedwanso m'njira zowawa, makamaka pamalo ofufutira zikopa, pomwe amuna onyika utoto amalowa m'maenje a utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira mpaka m'chiuno, natuluka atasintha mtundu mpaka m'khosi, ndipo ngakhale utotowo umachoka posamba, fungo silichoka pathupi ndipo mankhwalawo amawononga mapapo awo. Apa mutu wokongola uja umakumana ndi ntchito yeniyeni ya zikopa, imene inkachitikadi m'mbali mwa mtsinje wa Don, ndipo wowerenga amakumbutsidwa kuti kwa anthu ena kusintha khungu kunali malipiro a tsiku, opanda ulemerero uliwonse. Sisitere uja amavula nsalu ya kumutu kuti amangire mkono woguluka wa Temelcoff, nachoka kukayamba moyo wina monga Alice. Caravaggio amathawa m'ndende ya Kingston atapakidwa utoto wofanana ndi wa denga. Chingelezi nachonso ndi chovala chobwereka, chimene obwera amachiphunzira potsanzira nyimbo ndi ochita zisudzo, pomwe Patrick, mbadwa ya dzikolo, amadzipeza ali mlendo wopanda mawu pakati pa Amakedoniya a m'dera limene akukhala.

Mutuwu uli ndi malire ake, ndipo akatswiri ena a zolembalemba awatchula mosabisa. Wovala chikopa kwa nthawi yaitali kuposa onse ndi Patrick, mzungu wolankhula Chingelezi wobadwira m'dzikomo, kotero kuti obwera aja amaonekabe kudzera m'maso a mbadwa. Kukongola kwa kalembedwe ka Ondaatje kumasandutsa ngozi ndi umphawi kukhala zithunzi zosangalatsa maso, ndipo mapeto, pomwe wofuna kuphulitsa amagona tulo ndipo Harris amamuitanira namwino, angaoneke ngati kugonja kovekedwa bwino. Anthu a mtundu wa Mississauga, amene malo a mzindawo anatengedwa kwa iwo pa mapangano a 1787 ndi 1805, alibe gawo lawo lovala chikopacho. Mlembi mwini anavomereza m'bukumo kuti anasintha masiku ndi malo ena, ndipo kugwa kwa sisitere pamlatho ndi nkhani yopeka, choncho bukuli silingalowe m'malo mwa kaundula amene sanasungidwe. Koma zodandaula izi zimagwera bukulo kuposa mutu wake, pakuti mutuwo sulonjeza kuti wovalayo asanduka mkango. Umanena za chinthu chobwerekedwa, chovalidwa kwa kanthawi ndi munthu wofooka, ndipo zimenezi n'zogwirizana ndi mphamvu yochepa imene Patrick ali nayo usiku umodzi wokha m'chipinda cha Harris. Chimene amapindula ndi chakuti mwini nyumbayo amakakamizika kumva za imfa ya Alice kuchokera pakamwa pa wokumba, monganso Temelcoff, ataona chithunzi chakale cha mlatho, amayamba kuuza mkazi wake nkhani imene anaisunga zaka zambiri.

Bukuli linalandira mphotho ya Trillium ya chigawo cha Ontario ndi mphotho ya mabuku ya mzinda wa Toronto, ndipo mu 2002 linapambana pa mpikisano woyamba wa Canada Reads pa wayilesi ya CBC. Ampangankhani ake awiri, Hana, mwana wa Alice, ndi Caravaggio, anapitirira m'buku la The English Patient la mu 1992, limene linapatsa Ondaatje mphotho ya Booker. Chotsatira chimodzi chimene mwina mlembiyo sanachiyembekezere ndi chakuti bukuli linatchukitsa Harris kuposa kale, moti masiku amene malo oyeretsera madzi aja amatsegulidwa kwa alendo, anthu amakhamukirako kukaona miyala ya mabo ndi mkuwa zimene anaziwerenga. Mayina a pa zomangazo sanasinthe: mlatho udakali wa Prince Edward ndipo madzi adakali a R. C. Harris, mumzinda umene pa kalembera wa 2021 pafupifupi theka la anthu ake anali obadwira kunja kwa Canada.